Cham'mimba Chogwetsa Munthu Pansi Ndi Matenda, Ndipo Mankhwala Ake Alipo

M'mawa uliwonse, nkhungu isanayere pa phiri la Zomba, amayi ndi atsikana a mzinda uno amakhala atayamba kale ntchito. Ena amatsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu mumsewu wokhotakhota wochokera Ku Chawe, ena amayala tomato ndi matemba a ku Chilwa pamsika waukulu, ena amatsegula mafaelo m'maofesi a Boma, ndipo ena amathamangira belu la sukulu kuchokera ku Chinamwali, ku Sadzi, ku Matawale ndi ku Chikanda. Koma munthu aliyense amene amayang'anira anzake, kaya ndi mphunzitsi wamkulu, kaya ndi mkulu wa ofesi, kaya ndi wapampando wa m'dera, akatsegula kaundula wake adzapezamo dzina limodzi kapena awiri amene mwezi ndi mwezi amasowa masiku awiri kapena atatu. Eni maina aja akafunsidwa amangoti, "Ndinadwala m'mimba, bwana," nazolika. Wofunsa uja amangogwedeza mutu, mumtima atagamula kale kuti awa ndi aulesi.

Chigamulo chimenecho n'cholakwa, ndipo chapweteketsa anthu ambiri. N'zoona kuti amayi ochuluka amamva cham'mimba pang'ono akakhala kumwezi, chimene chimatha munthu akamwa Panado kapena akathowa ndi madzi ofunda. Koma pali cham'mimba china chimene chimagwetsa munthu pansi, kumsanzitsa ndi kumtulutsa thukuta lozizira mpaka kulephera kuongoka. Ululu wake umayamba msambo usanafike, umazinga m'chiuno ndi kumsana, umatsikira m'ntchafu, ndipo kwa ena umabweranso pochita chimbudzi, pokodza, kapena pokhala malo amodzi ndi amuna awo. Ululu wotere si msonkho umene munthu ayenera kukhoma chifukwa chobadwa wamkazi. Nthawi zambiri ndi chizindikiro cha matenda amene madokotala amawatcha endometriosis. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limati matendawa amagwira mmodzi mwa akazi 10 alionse a msinkhu wobereka, amene ndi anthu pafupifupi 190 miliyoni. Mzinda wa Zomba, umene pa kalembera wa 2018 udapezeka ndi anthu oposa 105,000, sungakhale chilumba chimene matendawa adachilambalala.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, n'kofunika kuyamba ndi zimene zimachitika m'thupi. M'kati mwa chiberekero muli kachikopa kofewa kamene mwezi uliwonse kamakhuthala pokonzekera kulandira mimba. Mimba ikapanda kubwera, kachikopako kamayoyoka ndi kutuluka pamodzi ndi magazi. Umenewo ndiwo msambo. Mwa mayi wodwala endometriosis, timinofu tofanana ndi kachikopa kaja timamera pamalo posayenera, kunja kwa chiberekero: pa mabasiketi a mazira, pa njira zodzera mazira, kuseri kwa chiberekero, pa matumbo, pa chikhodzodzo, ndipo mwa apo ndi apo ngakhale m'chifuwa, pafupi ndi mapapo. Timinofu timeneti timamvera mahomoni a m'thupi monga momwe chiberekero chimamvera, makamaka homoni yotchedwa estrogen. Motero mwezi ukakwana natonso timatupa ndi kukha magazi, koma magazi ake alibe khomo lotulukira. Amatsalira m'kati momwemo, nayambitsa kutupa, zipsera ndi zotupa zodzala ndi magazi akale, mpaka ziwalo zimene zidayenera kukhala zotayana zimamatirirana. Pa chifukwa chimenechi ena mwa odwalawa amavutikanso kutenga pakati.

Matendawa si achilendo kwa madokotala. Karl von Rokitansky wa ku Vienna adalemba za iwo m'chaka cha 1860, ndipo John Sampson wa ku America adafotokoza mu 1927 ganizo lakuti gwero lake lina ndi magazi a msambo amene amabwerera m'mbuyo kudzera m'njira za mazira. Koma kwa zaka zambiri mabuku a udokotala ankaphunzitsa kuti endometriosis ndi matenda a Azungu opeza bwino amene amachedwa kukwatiwa. Mayi wachikuda akadandaula za ululu womwewo ankangouzidwa kuti watenga matenda opatsirana pogonana. Dokotala Donald Chatman wa ku Chicago adatsutsa bodza limeneli mu 1976, ataunika amayi achikuda ndi kupeza matendawa mwa iwo. Amene akukayikabe akumbukire Njambi Koikai, muulutsi wotchuka wa pa wailesi ku Kenya, amene adayamba kuvutika ali ndi zaka 13, nakhala zaka zambiri matenda ake asanadziwike, mpaka adafika m'mapapo. Iye adamwalira mu June 2024 ali ndi zaka 38 zokha. Ngakhale ku Britain, kumene zipatala n'zambiri, aphungu a nyumba ya malamulo adapeza mu 2020 kuti mayi amatha zaka pafupifupi 8 asanauzidwe dzina la chimene chikumpweteka. Ngati kumeneko zili tero, nanga mayi wogulitsa mbatata pamwamba pa phiri la Zomba adikira zaka zingati?

Tsono mfundo yaikulu ndi iyi. Popeza timinofu tija timadya estrogen ndipo timavuta pa nthawi ya msambo, mankhwala amene amachepetsa mphamvu ya homoniyi ndi kuletsa kapena kuchepetsa msambo amachepetsanso ululu. Mankhwala oterowo si odula, si osowa, ndiponso safuna ulendo wa ku Johannesburg kapena ku India. Ndi mapiritsi, jakisoni ndi timachubu ta pamkono tomwe tija amayi amalandira tsiku ndi tsiku ku chipinda cha kulera. Mahomoni a m'mankhwalawa amagoneka mabasiketi a mazira kuti dzira lisakhwime, amapyapyalitsa kachikopa ka m'chiberekero, ndipo timinofu tosokera tija natonso timafota. Amayi ambiri amene amawagwiritsa ntchito amapeza mpumulo wokwanira kubwerera kusukulu, kumunda ndi kuntchito.

Ambiri sadziwa kuti mapiritsiwa adayamba ngati mankhwala ochiza asanatchuke ngati olera. Mapiritsi oyamba, otchedwa Enovid, adaloledwa ku America mu 1957 kuti azithandiza amayi ovutika ndi msambo, ndipo dokotala Robert Kistner wa ku Boston adayamba kuthandiza odwala endometriosis ndi mahomoni otere m'zaka zomwezo. Chilolezo chakuti akhale olera chidabwera pambuyo pake, mu 1960. Mu 2005 dziko lomwelo lidavomereza jakisoni wa Depo wobaya pansi pa khungu kuti akhale mankhwala a ululu wa endometriosis. Mankhwala ake ndi omwewo amene ali mu Sayana Press, jakisoni amene adayesedwa ku Mangochi ndipo amayi a m'dziko muno adaphunzira kudzibaya okha kunyumba. Kenaka mu 2022 bungwe la akatswiri a za ubereki ku Ulaya la ESHRE lidalangiza kuti dokotala sayenera kudikira opareshoni younika m'mimba kuti ayambe kuthandiza wodwala: zizindikiro zikakhala zomveka, mankhwala a mahomoni angathe kuyambidwa. Malangizo amenewa ndi ofunika kwambiri kuno, pakuti kuunika m'mimba ndi kagalasi kolowetsa pa mchombo kumafuna akatswiri ndi zipangizo zimene sizipezeka pa chipatala chaching'ono.

Pa mbali imeneyi Malaŵi ali ndi chuma chimene sadachizindikire. Ntchito zolera, zimene zidaletsedwa m'zaka za m'ma 1960, zidayambiranso mu 1982 ngati njira yoti ana azibadwa motalikirana. Mu 1992 amayi apabanja 7 okha mwa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito njira zamakono. Pofika 2015 ndi 2016, kafukufuku wa ofesi ya National Statistical Office, imene likulu lake lili mu Zomba momwemuno, adapeza kuti chiwerengerocho chidafika pa 58, ndipo amayi 30 mwa 100 alionse ankabayitsa jakisoni. Izi zikutanthauza kuti msewu udalambulidwa kale. Anamwino adaphunzitsidwa, alangizi a zaumoyo amafika m'midzi, ndipo mankhwala amadziwika ku Matawale, ku Domasi, ku Thondwe ndi ku Chipatala Chachikulu cha Zomba. Chimene chatsala ndi chakuti msewu womwewo udzerenso mayi amene sakubwerera kulera koma ululu.

Njira zake n'zingapo, ndipo iliyonse ili ndi mwini wake. Yoyamba ndi mapiritsi a mahomoni awiri, monga Microgynon, amene paketi yake imakhala ndi mapiritsi 21 a mankhwala ndi ena 7 ofiirira opanda mahomoni. Wolera amamwa onse 28 ndipo amasamba m'sabata ya ofiirirawo. Koma wodwala endometriosis, atalangizidwa ndi dokotala, angathe kudumpha 7 aja ndi kuyamba paketi yatsopano nthawi yomweyo, kotero kuti amatha miyezi ingapo osasamba. Yachiwiri ndi jakisoni wa Depo-Provera kapena Sayana Press, wobayidwa miyezi 3 iliyonse. Pafupifupi theka la amayi obayitsa amasiyiratu kusamba pomatha chaka. Yachitatu ndi timachubu ta pamkono: Implanon ya zaka 3 ndi Jadelle ya zaka 5. Yachinayi, kumene ikupezeka, ndi lupu ya mahomoni, imene imatulutsa mankhwala pang'onopang'ono m'chiberekero momwemo. Apa mpofunika chenjezo: lupu wamba ya kopa ilibe mahomoni, ndipo imatha kuonjezera msambo ndi cham'mimba. Ndi njira yabwino yolerera, koma si ya mayi amene akuvutika kale ndi ululu.

Nanga ngati mankhwala alipo, n'chiyani chikutsekereza odwala? Choyamba ndi pakamwa pa anthu. Mtsikana wa Folomu 3 akaoneka pa mzere wa kulera m'mawa, pofika madzulo dera lonse lamva kuti mwana wa auje walowerera. Mayi amene sadabereke akapezeka ndi mapiritsi m'chikwama, apongozi ake amaitanitsa ankhoswe. Namwali wa kwaya, mkazi wamasiye, mayi amene amuna ake ali ku Joni, onsewa amaopa mlandu umodzi, motero amasankha kubuula m'nyumba kusiyana ndi kulozedwa chala pamsewu. Koma mankhwala amodzi kukhala ndi ntchito ziwiri si chinthu chachilendo. Aspirin amachiza mutu, komanso amapatsidwa kwa odwala mtima, ndipo palibe amene amaona munthu akumwa aspirin n'kulengeza matenda ake pa chitsime. Khalidwe la mtsikana limachokera ku maleredwe a makolo ndi mtima wa mwini wake. Silikhala m'paketi ya mapiritsi. Kumana mwana mankhwala poopa miseche ndiko kuika ulemu wa pabwalo patsogolo pa moyo wa mwana.

Chachiwiri ndi mantha akuti mayi akasiya kusamba, magazi oipa amaunjikana m'mimba ndipo tsiku lina adzasanduka chotupa. Mantha amenewa ndi omveka kwa munthu amene sadafotokozeredwe, koma alibe maziko. Msambo si magazi oipa amene thupi limasefa. Ndi kachikopa kaja kamene kadakhuthala ndipo kakuchoka. Mankhwala akaletsa kachikopako kukhuthala, palibe chimene chimatsala kuti chituluke. Denga limene silidafoleredwe lilibe udzu wosasula. Mayi woyembekezera amatha miyezi 9 osasamba, ndipo woyamwitsa amathanso miyezi yambiri, koma palibe nankungwi amene adanenapo kuti m'mimba mwawo mwaunjikana magazi.

Chachitatu, ndipo ndicho chachikulu, ndi mantha a uchumba. Pamenepa choonadi chiyenera kunenedwa chonse. Palibe njira mwa izi imene imatseka mayi mpaka kalekale. Wosiya mapiritsi kapena wochotsetsa timachubu amatha kutenga pakati posachedwa. Wosiya jakisoni amachedwerapo, nthawi zina mpaka chaka, koma mphamvu yobereka imabwerera. Pamene mayi wodwala endometriosis asiya mankhwala n'kuvutika kutenga pakati, kawirikawiri wolakwa ndi matenda amene adalipo kale, ngakhale kuti anthu amathamangira kunamizira jakisoni. Komanso n'zoona kuti mankhwalawa sachiza kusabereka, ndipo mayi amene akufuna mwana tsopano lino sangawagwiritse ntchito. Ameneyo ayenera kutumizidwa kwa dokotala wa matenda a amayi ku Chipatala Chachikulu cha Zomba kapena ku Queen Elizabeth mu Blantyre, ndipo apite ndi amuna ake, pakuti m'nyumba mukasowa mwana chifukwa chake chimatha kukhala kwa bambo.

Palinso malangizo akale akuti, "Pirira mwanawe, ukadzabereka chidzatha." Mimba imatha kugoneka ululu kwa kanthawi chifukwa msambo umaima, koma sichiza matendawa, ndipo kwa ambiri ululu umabwerera msambo ukayambiranso. Choipa kwambiri n'chakuti mawu amenewa amakankhira ana kubanja. Malamulo aakulu a dziko lino adakonzedwa mu 2017 kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sayenera kulowa m'banja. Kholo limene limauza mtsikana wa zaka 15 kuti mankhwala a cham'mimba chake ndi mwamuna likuphwanya lamulo ndiponso likumnamiza.

Chachinayi ndi chikumbumtima. Mu Zomba muli Akhristu ndi Asilamu ambiri amene amatsata chiphunzitso cha zipembedzo zawo mokhulupirika, ndipo ena mwa iwo salola njira zamakono zolerera. Maganizo awo ayenera kulemekezedwa. Koma ngakhale Mpingo wa Katolika, umene umadziwika ndi kulimba pa nkhaniyi, udasiyanitsa kulera ndi kuchiza. M'kalata ya Humanae Vitae ya 1968, Papa Paul VI adafotokoza pa ndime 15 kuti mpingo suletsa mankhwala ofunika pochiza matenda a m'thupi, ngakhale atadziwika kuti adzalepheretsa kubereka, malinga ngati cholinga sichili kulepheretsako. Motero mayi wachikatolika amene dokotala wamlembera mapiritsi chifukwa cha endometriosis angathe kukambirana ndi abambo mfumu mosabisa nkhope. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti achita bwino kuifotokoza mfundo imeneyi, kuti nkhosa zawo zisazunzike ndi lamulo limene kulibe.

Komabe pasakhale wina womva nkhaniyi n'kuthamangira kukagula mapiritsi pa okala kapena kubwereka kwa mnzake. Safunsa adadya phula. Mankhwalawa amagoneka matenda, sawazula, ndipo ululu umatha kubwerera munthu akawasiya. Sathandiza aliyense mofanana; njira ina ikakanika m'miyezi ingapo, dokotala amayesa ina, ndipo pali odwala amene matenda awo adazama kotero kuti amafunika mankhwala amphamvu kapena opareshoni. Mapiritsi a mahomoni awiri sayenera mayi wodwala kuthamanga kwa magazi, amene magazi ake adaundanapo m'mitsempha, amene amadwala mutu waching'alang'ala woyamba ndi kuthwanima m'maso, wosuta fodya amene wakwanitsa zaka 35, kapena amene wangobereka kumene. Jakisoni amanenepetsa ena, amabweretsa kudontheza kosayembekezeka m'miyezi yoyamba, ndipo akagwiritsidwa ntchito zaka zambiri amachepetsa kulimba kwa mafupa, chinthu chofunika kuchiganizira kwa mtsikana amene akali kukula. Mankhwala a chifuwa chachikulu a rifampicin, ma ARV a efavirenz ndi mankhwala ena a khunyu amafooketsa mapiritsi ndi timachubu ta pamkono, pamene dolutegravir, amene dziko lino lidayamba kupereka mu 2019, alibe vuto limeneli. Chifukwa chake wodwala aliyense aonetse kabuku kake ka kuchipatala ndi kunena mankhwala onse amene akumwa. Ndipo pasaiwalike kuti palibe mwa njirazi imene imateteza ku HIV.

Chenjezo lina n'lakuti si ululu uliwonse wa m'chinena umene uli endometriosis. Anthu a ku Kachulu ndi madera onse ozungulira nyanja ya Chilwa amadziwa likodzo, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti mazira a tizilombo take amatha kukhala m'ziwalo za amayi ndi kuyambitsa ululu ndi kutaya magazi; mankhwala ake ndi praziquantel, osati jakisoni wolera. Palinso matenda opatsirana pogonana, zotupa za m'chiberekero, mimba yokhala m'njira ya mazira imene ingaphe munthu tsiku limodzi, ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene Malaŵi ali m'gulu la maiko amene yawasautsa koposa pa dziko lonse. Choncho njira yoongoka ndi imodzi: kupita kuchipatala, kufotokoza zonse mosabisa, kuyezedwa, ndipo pokhapo kulandira mankhwala. Mayi amene amalemba pa kalendala masiku a msambo ndi masiku a ululu kwa miyezi itatu amapatsa dokotala umboni woposa mawu a pakamwa.

Udindo woyamba tsono uli kwa ogwira ntchito zachipatala. Mayi akabwera kachitatu ndi dandaulo lomwelo, kumpatsanso Bulufeni ndi mankhwala a mabakiteriya n'kumuuza kuti akazi onse amatero si chithandizo. Mafunso ofunika ndi ochepa ndipo salira ndalama: kodi ululuwu umayendera limodzi ndi msambo, kodi umamlepheretsa sukulu kapena ntchito, kodi umabwera pochita chimbudzi kapena pokhala ndi bambo, kodi amayi ake kapena achemwali ake adavutikapo chimodzimodzi? Sukulu zophunzitsa anamwino, monga nthambi ya Malawi College of Health Sciences ya mu Zomba ndi ya St Luke's ku Malosa, ziyenera kuonetsetsa kuti wophunzira aliyense akutuluka akudziwa mafunso amenewa. Chipinda cha kulera chikhalenso chipinda cha umoyo wa amayi, chimene mtsikana angalowemo osafunsidwa kuti amuna ake ali kuti. Chinsinsi cha wodwala chisungidwe, pakuti namwino mmodzi wolongolola amathamangitsa odwala a mudzi wathunthu.

Unduna wa Zaumoyo uli ndi mbali yake. Kwa zaka zambiri gawo lalikulu la mankhwala olera lakhala likugulidwa ndi thandizo la maiko akunja, ndipo pamene boma la America lidadula thandizo lake lochuluka mu 2025 zidaonekeratu kuti fodya wa munthu ndi amene ali pamphuno. Mapiritsi akasowa pa chipatala, wolera amatha kusinthira ku njira ina, koma wodwala endometriosis amabwerera pa mphasa. Pokonza ndondomeko ya chuma, aphungu ndi akuluakulu a ku Capital Hill awerengere mankhwalawa monga amawerengera a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Maiko ena adachita kale zotere: Australia idakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yolimbana ndi endometriosis mu 2018, ndipo France idalengeza yake mu 2022. Malaŵi sangafanane nawo pa chuma, koma kulemba matendawa m'malangizo a anamwino ndi kuwawerenga m'kaundula wa zipatala sikufuna mabiliyoni.

Akuluakulu a maofesi ndi aphunzitsi aakulu nawonso adzifunse. Kalaliki amene amasowa masiku awiri pa mwezi amataya masiku 24 pa chaka, pafupifupi mwezi wathunthu wa ntchito. Wophunzira wotero amataya maphunziro a masabata angapo, ndipo ndondomeko ya mayeso imene bungwe la MANEB limatulutsa kuchokera mu Zomba muno siyang'ana kalendala ya munthu. Pepala la masamu likagwa tsiku la ululu, khama la zaka zinayi limatha kuthera pomwepo. Kalata yodzudzula sichiza munthu wotere. Mkulu wanzeru amapempha mayi wachikulire wa pa ofesi kapena mphunzitsi wamkazi kuti acheze naye mwaulemu ndi kumlimbikitsa kupita kuchipatala. Ku Zambia lamulo la ntchito la 2019 limapatsa mkazi aliyense wapantchito tsiku limodzi pa mwezi lopuma popanda kalata ya dokotala. Nyumba ya Malamulo ya kuno ingathe kuliganizira lamulo lotere, koma tsiku lopuma palokha silokwanira: limapatsa munthu malo obuulira, pamene chofunika n'chakuti asabuulenso.

Otsala ndi eni mabanja ndi atsogoleri a m'madera. Bambo amene mkazi wake amakana kukhala naye malo amodzi chifukwa cha ululu asathamangire kuganiza kuti kwabwera wina, kapena kuti kwawo kwa mkaziyo adamtchera. Mabanja ambiri atha, mbuzi zambiri zapita kwa asing'anga, ndipo agogo osalakwa atchedwa mfiti chifukwa cha matenda amene namwino akadawagoneka ndi paketi ya mapiritsi. Mwamuna weniweni amakweza mkazi wake pa njinga ndi kukamvera limodzi malangizo a dokotala. Anankungwi, amene amalangiza namwali pa tsiku loyamba, aonjezere mfundo imodzi pa mwambo wawo: kuti ululu wolepheretsa munthu kuyenda si wobisa, ndi wokauza amayi ake ndi achipatala. Mafumu, makhansala, apampando a nthambi ndi atsogoleri a amayi, amene amasonkhanitsa anthu pa nkhani za fetereza, katemera ndi chitukuko, apatule mphindi zochepa pa misonkhano yomweyo kuti mlangizi wa zaumoyo afotokoze za matendawa. Mutu umodzi susenza denga.

Dziko limene likufuna kutukuka silingalole kuti mmodzi mwa amayi ake 10 alionse azigona pansi mwezi ndi mwezi pamene mankhwala ali m'kabati ya chipatala cha pafupi. Mayi wotsika ndi nkhuni kuchokera ku Mulunguzi, kalaliki wa ku Government Print ndi wophunzira wa ku Chirunga sakupempha chifundo. Akupempha kuti akanena kuti zikuwawa akhulupiriridwe, akafika kuchipatala afunsidwe mafunso oyenera, ndipo akalandira mankhwala asalozedwe chala. Mkulu aliyense amene mawa adzatsegule kaundula wake ndi kuona dzina lija lasowanso, asanatenge cholembera chofiira, ayambe wafunsa ngati mwini dzinalo adaonana ndi dokotala.